Marimu onyezimira akugonetsa mpunga m'njira

Chikololereni mpunga chaka chino, galimoto zambiri zomwe zikufera m'mbali mwa msewu wa M5, pakati pa Khombedza ndi Benga, vuto lake si injini ayi, ndi rimu. Munthu wagulitsa mpunga, wagula ka Sienta kapena kapikapu, choyamba n'kuchotsa marimu achitsulo kuikapo a aluminiyamu onyezimira aja, ati galimoto ioneke ngati ya bwana. M'mawa mwake galimoto yomweyo yasenza matumba a makilogalamu 50 mpaka kudenga.

Aluminiyamu alibe mlandu payekha. Ndi wopepuka: zidutswa ziwiri zofanana kukula, chachitsulo chimalemera pafupifupi katatu. Amachotsanso msanga kutentha kwa mabuleki, ndipo sachita dzimbiri lofiira lija. Koma marimu ambiri otere amachita kusungunula n'kuthira m'chikombole, ndiye akamenya dzenje katundu ali pamwamba, amang'aluka ngati mbiya, pomwe achitsulo amangopindika ngati ndowa. Rimu yachitsulo ikapindika m'mphepete, makaniko aliyense wa pa Kamuzu Road ku Salima aiwongola ndi hamala, ulendo n'kupitirira. Ya aluminiyamu mukaimenya hamala mukungokulitsa mng'alu. Onjezanipo kuti ambiri akuchoka pa mainchesi 14 kapena 15 kupita pa 17, tayala lake lopyapyala m'mbali, lopanda mpweya wokwanira woti ulandire dzenje lisanafike pa rimu.

Chomwe chikunditopetsa kwambiri n'chakuti rimu ikang'aluka, anthu akuthamangira nayo kwa owotcherera mageti ndi mawindo. Tidzasiya liti khalidwe loti chilichonse n'chomata? Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 660, chitsulo kupitirira 1,400; si zinthu zowotcherera mofanana. Ngakhale mng'alu utsekeke, moto uja umafewetsa malo ozungulira, ndipo pomwepo mpomwe padzathyokere mawa, mwina galimoto ili pa liwiro, anthu ali m'kati.

Bambo wina wa ku Lifuwu anandiimitsa pamsika kudzandidandaulira. Tayala limatha mpweya usiku uliwonse, iwo n'kumangopopa, kuganiza kuti ndi minga. Atapeza kuti ndi mng'alu, anakawotcheretsa. “Alangizi, ndimati ndapulumutsa ndalama,” anatero. Ulendo wotsatira rimu inathyoka njira ya ku Lilongwe, tayala latsopano linang'ambika, anagona panja kulondera matumba, kutacha analipira galimoto ina yodzanyamula katunduyo. Wogula anali atatenga kale mpunga wa munthu wina. Ndinawafunsa komwe kunali marimu achitsulo omwe anabwera ndi galimoto. Ati anagulitsa kwa a ngolo.

Tsono mwachidule: galimoto yonyamula katundu kapena ya matola, bwezerani marimu achitsulo a saizi yake. Muziwatsuka matope ndi kuwapaka penti, chifukwa chinyontho cha kunyanja kuno chimayambitsa dzimbiri pomwe tayala limagwira rimu, mpweya n'kumatuluka. Amene mukukakamirabe a aluminiyamu, tembenuzani rimu musanagule, muone ngati ilibe chipsera cha kuwotcherera, ndipo muwerenge kulemera komwe ingasenze ngati analembapo. Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe. Rimu yong'aluka kagulitseni kwa oumba mapoto.