X-guard: kugwetsa chimunthu chachikulu uli chagada

Amwene amene mukupanga grappling (masewera ogwetsana ndi kupanikizana popanda nkhonya) kuno ku Kasungu, ambirife tikangogona chagada mnzathu ataimirira basi timangopalasa miyendo mpaka atidutsa. X-guard, kagwiridwe kokola mwendo wa mnzako ndi miyendo yopingasa ngati X uli pansi pake, ndi ya nthawi imeneyoyo. Anaitchukitsa ndi Marcelo Garcia wa ku Brazil, uja anawina mpikisano waukulu wa grappling wa ADCC mu 2003, 2005, 2007 ndi 2011, munthu wochepa thupi koma amagwetsa zimphona.

Yambani muli chokhala mu butterfly guard, mapazi mkati mwa ntchafu zake. Mukokeni nkumunyamula pang'ono, iye poopa kugwa aponda phazi limodzi patali, pompo lowani pansi pake. Mkono wanu upise kunsi kwa mwendo wapafupiwo muukweze paphewa, uzikhudza khutu, dzanja ligwire bondo lake. Miyendo yanu ipite ku mwendo winawo mopingasana, phazi lina likole kuseri kwa bondo, linalo pamwamba pa ntchafu pafupi ndi chiuno, zala zakumapazi zopindira mmwamba ngati mbedza, zikangofooka basi wapulumuka.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, amafika bwinobwino kenako nkumapumirapo. Ayi ndithu, X-guard simalo ogona. Mukangofika wongolani miyendo kukankhira mwendo wakutaliwo uko, munthu atang'adze, ndipo munthu wotang'adza alibe mphamvu olo akhale uja amanyamula mabelo a fodya yekha, mumuona manja akusakasaka pansi. Akatero masulani mapazi, tsamirani dzanja linalo pansi, bwezani mwendo wanu mmbuyo nkudzuka mwendo wake udakali paphewa, ndiye ingoyendani kutsogolo agwa yekha. Akabwerera kudzakukhalirani, gwirani kakolo wakutaliyo ndi dzanja, mukankhireni chammbuyo agwe chagada. Chenjerani naye akamakankhira bondo lanu pansi, akufuna adumphe, musadikire, mugwedezeni nthawi yomweyo.

Poyeserera pezani wa saizi yanu kaye, pang'onopang'ono, mbali zonse ziwiri. Pa simenti ayi chonde, kugwa kwake nkwa chagada mutu umatha kumenya pansi, yalani mat kapena matiresi. Ndipo akagwa phazi lake limakhala mmanja mwanu kale, mtima umafuna heel hook, kuja kopotokola chidendene, koma isiyeni kaye mpaka mutapeza wokuphunzitsani, bondo silichedwa kuduka mitsempha munthu asanapange tap yosonyeza kuti wagonja. Kwerani pamwamba mudutse guard yake, miyendo imene akudzitchinjiriza nayo.