Momwe Mungatsatire Ntchito ya Wotchinga pa Mpira wa ku America

Munthu amene anakulira pa Kamuzu Stadium, kuonera Bullets ndi Wanderers zikuswana, maso ake anazolowera kuthamangira kumene kwapita mpira, ndipo chizolowezi chimenechi n'chimene chimamusokoneza akayamba kuonera mpira wa ku America wa mu ligi ya NFL. Pa masewerowa wotchinga angathe kumaliza gemu yonse osakhudza mpira ngakhale kamodzi, koma n'kupezeka kuti ndiye wapambanitsa timu yake. Amene akufuna kumvetsa ntchito ya munthu wotereyu ayenera kuchotsa maso pa mpira n'kuwakhazika pa wosewera mmodzi. Ndigwiritsa ntchito chitsanzo cha Aaron Donald wa timu ya Rams, chifukwa iye anasiya kusewera mu March 2024, moti ulendo wake ukuoneka wonse kuyambira poyamba mpaka potsiriza.

Yambani ndi lamulo limodzi, ena onse mudzawatola m'njira. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10, omwe ndi mamita 9 ndi kachidutswa, ndipo ikalephera mpira umapita kwa adani awo. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 11, koma otchinga ndi gulu lapadera limene limalowa m'bwalo pokhapokha mpira uli kwa timu inayo. Kutsogolo kumaima amuna anayi kapena atatu a matupi akuluakulu, kumbuyo kwawo kuli ma linebacker, ndipo chakumbuyo kwenikweni kuli ma cornerback ndi ma safety, amene amathamanga ndi olandira mpira. Musanaweruze wosewera aliyense, dziwani kaye kuti amaima pati, popeza zimene zimayembekezeka kwa cornerback n'zosiyana kotheratu ndi za munthu wa kutsogolo. Donald ankavala nambala 99 ndipo ankaima pakati pa mzere wa kutsogolo, malo otchedwa defensive tackle.

Mukapeza nambala ya wosewera wanu, muyang'aneni mpira usanaponyedwe kwa quarterback, amene ndiye mwini gemu kumbali ya oukira. Onani pamene waika dzanja pansi, ndiponso kuti ndi angati mwa adani amene atembenukira kwa iye. Mpira ukangosuntha, sekondi yoyamba ndi imene imakuuzani zambiri: kodi wanyamuka msanga kuposa womutchinga, kodi mapewa ake ali pansi kuposa a mnzakeyo, nanga manja ake afika pachifuwa cha mdaniyo iye asanamugwire? Donald anali wamtali pafupifupi masentimita 185 ndipo ankalemera makilogalamu pafupifupi 127, ndipo pa malo akewo ameneyu ndi munthu wamng'ono. Kufupikako ndiko kunkamulola kulowa pansi pa amuna otalika n'kuwazula ngati chinangwa. Mukaona anthu awiri, mwinanso atatu, akulimbana ndi munthu mmodzi, dziwani kuti mphunzitsi wa timu inayo wakhala sabata yonse akuganiza za iyeyo, ndipo mnzake wina wa wotchingayo watsala wopanda womuletsa.

Kuti muzolowere kaonedwe kameneka, funani pa YouTube mphindi zomaliza za Super Bowl, gemu yotsiriza yolimbirana chikho cha NFL, ya pa 13 February 2022, pamene Rams inagonjetsa Cincinnati Bengals 23 kwa 20. Bengals inatsala ndi mpata umodzi wotsiriza, ikufuna yadi imodzi yokha. Onerani kachigawoko katatu. Ulendo woyamba tsatirani mpira monga mwa chizolowezi, ndipo mudzangoona quarterback Joe Burrow akuponya mpira umene sunafike kwa mnzake. Ulendo wachiwiri yang'anani nambala 99 yokha, mmene akudutsira womutchinga n'kumuzunguza Burrow asanakonzeke. Ulendo wachitatu yang'anani womutchingayo, kuti muone pamene wagonjera. Chimene chinapatsa Rams chikho pamenepo sichinalembedwe ngati sack, chifukwa mpira unachoka m'manja mwa Burrow asanagwe pansi.

N'chifukwa chake manambala muziwawerenga mosamala. Sack ndi kugwetsa quarterback asanaponye mpira, ndipo NFL inayamba kuwerengera zimenezi mwalamulo mu 1982. Donald anapeza ma sack 111 pa zaka khumi, ndipo 20.5 mwa amenewa anali a mu 2018 mokha. Theka limabwera pamene anthu awiri agwetsa quarterback limodzi. Kwa munthu wa pakati manambala amenewa ndi odabwitsa, popeza ma sack ambiri amapita kwa amene amadzera m'mphepete, kumene kulibe chipiringu. Kwa cornerback nkhani yake imatembenuka: amene ali katswiri weniweni angathe kukhala ndi manambala ochepa a mipira yolanda m'malere, chifukwa quarterback amaopa kuponyera kumbali kwake. Ine ndimakhulupirira kwambiri mphoto ya wotchinga wabwino wa chaka, imene Donald analandira mu 2017, 2018 ndi 2020, kusiyana ndi ya wosewera wopambana onse, imene pafupifupi chaka chilichonse imagwera quarterback. Otchinga amene anailandirapo ndi awiri okha, Alan Page mu 1971 ndi Lawrence Taylor mu 1986.

Mukamudziwa m'bwalo, bwererani m'mbuyo mukaone kumene anachokera, chifukwa njira yolowera mu NFL ndi yosiyana ndi yathu, kumene mnyamata amachoka pa bwalo la fumbi ku Ndirande kapena ku Bangwe n'kutengedwa ndi timu ya m'ligi yaing'ono. Kumeneko khomo lalikulu ndi sukulu. Donald anabadwira ku Pittsburgh pa 23 May 1991, anasewera ku sekondale ya Penn Hills, kenaka ku University of Pittsburgh. Lamulo limafuna kuti papite zaka zitatu chimalizireni sekondale munthu asanalowe m'ligi. Chaka chilichonse achinyamata oitanidwa amakayesedwa ku Indianapolis, kumene amathamanga mayadi 40 ndi kunyamula chitsulo cha makilogalamu 102. Donald anathamanga masekondi 4.68 ndipo chitsulocho anachinyamula maulendo 35. Pambuyo pake, mu April, matimu 32 amasankha osewera mosinthana m'magawo asanu ndi awiri, ndipo timu imene inachita moipa chaka chapitacho ndi imene imayamba. Mu 2014 kusankhaku kunachitika mu May, ndipo Donald anatengedwa pa nambala 13 ndi Rams, imene panthawiyo inali ku St. Louis, isanasamukire ku Los Angeles mu 2016. Wosewera sasankha timu yake yoyamba, ndipo mgwirizano woyamba umakhala wa zaka zinayi pa malipiro oikidwa kale. Mukamva kuti wina wakana kupita ku zokonzekera kuti amukwezere ndalama, monga anachitira Donald mu 2017 ndi 2018 asanasainire madola 135 miliyoni a zaka zisanu ndi chimodzi, musafulumire kumutcha wadyera, chifukwa thupi limene akugulitsalo silikhalitsa.

Konzaninso nthawi yanu. Ligi imayamba mu September, timu iliyonse imasewera magemu 17, ndipo Super Bowl imachitika mu February. Magemu oyambirira a Lamulungu amayamba 7 koloko madzulo pa nthawi ya ku Malawi, ndipo kuyambira mu November, anthu a ku America akabweza mawotchi awo, amayamba 8 koloko. Gemu ya usiku wa Lamulungu imagwera cha m'ma 2 kapena 3 koloko m'bandakucha wa Lolemba, zimene sizigwirizana ndi munthu wofunika kukwera minibasi ya ku Limbe m'mawa. Ngakhale wotchi imawerenga mphindi 60, gemu imatenga pafupifupi maola atatu. Zidule za pa intaneti zimapulumutsa bandulo, koma zimatsatira mpira, choncho sabata iliyonse yesetsani kuonera gawo limodzi lathunthu la mphindi 15 muli ndi wosewera wanu yekha m'maso.

Pomaliza tsatirani mndandanda wa ovulala umene matimu amatulutsa gemu isanachitike, popeza mbiri ya wotchinga imalembedwanso m'mawondo, m'mapewa ndi m'mutu. Mu 2017 akatswiri a ku Boston University anapima ubongo wa anthu 111 omwalira amene anasewerapo mu NFL, ndipo mwa 110 anapeza matenda a CTE, amene amagwirizana ndi kugundagunda mutu. Ubongowo unaperekedwa ndi mabanja, ambiri mwa iwo ataona kale zizindikiro, choncho chiwerengerochi sichiimira osewera onse. Pa 2 January 2023 mtima wa Damar Hamlin, safety wa Buffalo Bills, unaima ali m'bwalo ku Cincinnati atangogwetsa mdani, ndipo achipatala anamutsitsimutsa pomwepo. Donald anasiya ali ndi zaka 32, akadali mmodzi wa otchinga oopedwa m'ligi, ndipo dzina lake lingaganiziridwe ku Hall of Fame, nyumba yolemekezera akatswiri a masewerowa ya ku Canton, m'chigawo cha Ohio, pakatha zaka zisanu chisiyireni kusewera.