Bwato la bambo linatsala kwa wina? Umu ndi momwe mungalitengere n'kulibwezera pamadzi

Bambo anga atamwalira ine ndinali ku Blantyre kuthamanga ndi maganyu, ndiye bwato lawo la mtondo lija tinkalowa nalo mu dambo la Elephant Marsh ndili mwana, iwo akuponya ukonde ine ntchito yanga kukapa madzi ndi chigubu chodulidwa, linatsala kwa msuweni wanga. Amati akungosunga. Zaka 6 akungosunga basi, mlamba ndi mphende akugulitsa pa Bangula, kwa mayi osatumiza olo kamodzi ka ndiwo. Chaka chatha ndinalitenga popanda ndewu, ndiye ndati ndilembe momwe ndinachitira chifukwa nkhani zoterezi zadzaza m'madoko kuyambira Chikwawa mpaka ku Marka.

Yambani ndi kulipeza bwatolo ndi maso anu, osati zongomva. Pitani pa doko m'mawa asodzi akamatuluka, khalani ngati mwabwera kudzagula nsomba. Bwato losema lilibe bulu buku ngati galimoto ayi, umboni wake ndi zipsera. Lathu linali ndi chigamba cha lata kumutu pomwe mvuu inaluma, komanso zilembo ziwiri zomwe bambo anaotcha ndi chitsulo chamoto. Jambulani pa foni zonsezo. Ngati linapita ndi madzi, monga ambiri anapitira pa namondwe Ana mu 2022 ndi pa namondwe Freddy mu 2023, funsani madoko akumunsi motsata Shire, ndipo mukafika kwa anzathu achisena muzifunsa kuti mwadiya, mumvana msanga.

Mukalipeza musalikhudze kaye. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, munthu kungofika usiku kumasula bwato kumapita nalo, mawa lake wakuba wasanduka iweyo. Bwererani kunyumba mukakhale pansi ndi mayi, atsibweni ndi azakhali mumve kuti pa maliro paja zinagawidwa bwanji, mwinatu bwatolo anamupatsadi munthuyo pamaso pa anthu inu kulibe, kapena bambo anapinyolitsa pa katapila osauza aliyense. Zimachitika. Sakaninso amene analisema ngati akadali moyo, mmisiri saiwala bwato lake, adzakuuzani mtengo anaudula pati ndipo analipira ndani. Mboni yoposa imeneyi palibe.

Kenako pitani kwa wosungayo, koma osapita nokha, tengani wamkulu mmodzi. Ine ndinatenga atsibweni ndipo ndiwo anayankhula, anangoti "mwanawe, wasunga bwino katundu wa malemu, mwini wake wabwera." Mawu oti wasunga bwinowo anagwira ntchito kuposa mkwiyo wonse ndinabwera nawo mu minibasi. Ndipo tinene zoona, munthu amene wakhala ndi bwato zaka zonsezi waikapo phula, misomali, tcheni, walikokera kumtunda madzi akusefukira, musamutenge ngati sanachite kanthu. Mufunseni anawononga zingati, mubwezereni kangachepe. Chimodzimodzi amene analitola pa madzi osefukira, mumuthokoze ndi kenakake, akanatha kuliwaza nkhuni.

Akakana, nkhani ipite kwa anyakwawa, ndi komiti yoyang'anira za usodzi pa doko, ija amati BVC, ikhalepo chifukwa iwowo amadziwa bwato lililonse ndi la ndani. Zikavutabe pali ofesi ya DC ndi khoti la majisitireti, pajatu lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu. Koma ine ndimaona kuti mukafika kukhoti chifukwa cha bwato ndiye kuti chibale mwachisiya pa doko, yesetsani zithere pansi pa mtengo. Zomwe mwagwirizana zilembedwe mu kope, anyakwawa adinde, aliyense asaine kapena adinde chala.

Tsopano ntchito yeniyeni. Likokereni kumtunda pa mthunzi, litembenuzeni, kolopani ndere ndi matope onse liwume tsiku limodzi kapena awiri basi, osalisiya pa dzuwa la mu Okutobala la kuno, ling'aluka muli kuyang'ana. Tengani nkhwangwa muzigogoda ndi kumsana kwake kuyambira kumutu mpaka kumbuyo. Pomwe pali bwino pamalira ngo ngo, pomwe pavunda pamangoti phu phu ngati mukumenya thumba la madeya. Pamenepo bayani ndi mpeni, ukalowa mosavuta semani ndi nsompho mpaka mufike pa mtengo wamoyo. Mtondo umapirira, koma ngati lanu ndi la nsangu kapena la mango konzekani kupeza zovunda zambiri, ndipo ngati pansi ponse pafewa lekani, musaike moyo wa ana pa chikumbutso, likhazikeni pakhomo muziikamo chimanga cha nkhuku.

Ming'alu yaing'ono itsekeni ndi thonje, kuno silisowa, kapena sanza, mukhomerere ndi mpeni wobuntha mpaka zitalimba kenako thirani phula lotentha. Phulalo sungunulani mu chitini kutali ndi nyumba za udzu, ana asayandikire, ndipo pamalopo pakhale pouma gwa apo ayi siligwira. Pa bowo lalikulu pakani phula, yalani chidutswa cha chubu cha tayala, pamwamba lata, ndiye misomali ing'onoing'ono mothithikana mozungulira monse, osati inayi m'makona ngati mukukhoma kalendala. M'mphepete mwa latalo pindani kuti lisacheke mapazi ndi ukonde, mumalize ndi phula lina pamwamba. Ine ndinathamangira kugula penti wa buluu ndisanatseke mng'alu wina wa m'mbali, ndalama zinangopita, penti abwere pomaliza ngati zatsala.

Mukamaliza livuwikeni m'madzi osaya masiku angapo, mtengo ukamwa madzi umatupa timing'alu totsala timatsekeka tokha. Pochita izi musaime m'madzi nthawi yaitali makamaka madzulo komanso pafupi ndi namasupuni, ng'ona za mu Shire sizifunsa kuti bwato ndi la ndani. Poyesa ikanimo matumba a mchenga olemera ngati anthu atatu, likhale ola lathunthu muone pomwe pakulowa madzi, pomwepo lembani ndi khala.

Musanaponye ukonde kadziwitseni a BVC kuti bwato lasintha mwini, mufunse alangizi a za usodzi za layisensi ya zida zanu, ndipo neti ya udzudzu ikhale kuchipinda, ku dambo ndi yoletsedwa. Gulani tcheni ndi loko wanu watsopano.

Chinthu chimodzi chomwe sindinaganizire n'choti ine ndinaiwala kupalasa. Tsiku loyamba bwato limangozungulira pamodzimodzi anthu pa doko akuseka, mpaka msuweni yemwe uja anabwera kudzandilanda nkhafi. Pano amapita nalo ndi iyeyo masiku atatu pa sabata, nsomba timagawana, mayi amayamba asankha mlamba wawo.