Zoyenera kuchita kuti wilu kapena mgwirizano zisagwe m'khoti chifukwa chopanikiza mwini chuma

Kholo likadwala nthawi yaitali, mwana amene akulisamalira ndiye amakhala nalo pafupi, ndipo sizodabwitsa kumva pambuyo pa maliro kuti nyumba ya ku Area 25 kapena poloti ya ku Kawale inalembedwa m'dzina la mwana yekhayo. Abale ena amathamangira kunena kuti malemu anakakamizidwa, koma khoti siligwetsa wilu chifukwa cha kukayikira kokha. Maloya amatcha nkhaniyi undue influence, kutanthauza kupanikiza munthu mpaka asaine zimene mtima wake sunafune.

Choyamba muyenera kusiyanitsa kunyengerera ndi kupanikiza. Mwana ali ndi ufulu wokumbutsa bambo ake kuti ndiye wawadwazika zaka zisanu, ngakhale kupempha kuti amuganizire pogawa chuma. Cholakwika ndi kuwaopseza kuti akapanda kusaina sawaperekezanso kuchipatala, kuletsa abale ena kudzawazonda, kapena kuwaumiriza tsiku ndi tsiku mpaka avomere pongofuna mtendere. Mfundoyi inamveka bwino pa mlandu wa Wingrove wa mu 1885 ku England, ndipo makhoti athu amatsatira zigamulo zoterezi chifukwa malamulo ambiri tinatengera kumeneko. Pa nkhani ya wilu, amene akutsutsa ndiye ayenera kubweretsa umboni, ntchito yovuta kwambiri poti mboni yeniyeni ili kumanda.

N'chifukwa chake chitetezo chimayamba tsiku lolemba. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limafuna kuti wilu ikhale yolembedwa ndipo isainidwe pamaso pa mboni ziwiri. Sankhani mboni zimene sizidzalandira kanthu. Ngati ndinu amene mudzapindule, musalembe nokha wilu ya kholo lanu, musasankhe loya amene ndi mnzanu, ndipo mukafikitsa kholo kwa loyayo tulukani kuti liyankhule lokha. Ambiri amaona ngati kutero ndi kusiya nkhalamba pachabe, koma m'khoti kutuluka kwanu ndiko kudzakuikirani kumbuyo. Ngati kholo ndi lokalamba kwambiri kapena likumwa mankhwala amphamvu, pemphani dokotala alipime n'kulemba kuti nzeru zake zikuyenda bwino. Likakhala losadziwa kuwerenga Chingerezi, wilu imasuliridwe m'Chichewa mboni zikumva lisanadinde chala, ndipo ngati lasankha kumana mwana wina chuma, ndi bwino loya alembe chifukwa chake.

Pa mgwirizano kapena mphatso yoperekedwa munthu akadali moyo, zinthu zimatembenuka. Pali maubale amene lamulo limaganiziratu kuti mmodzi amadalira mnzake, monga dokotala ndi wodwala, loya ndi munthu amene akumuimira pa mlandu, kapena mtsogoleri wachipembedzo ndi womutsatira. Wodaliridwayo akalandira chinthu chachikulu chosamveka bwino, iyeyo ndi amene ayenera kuonetsa kuti woperekayo anachita mwa kufuna kwake, makamaka atalandira uphungu kwa loya wapadera. Mwamuna ndi mkazi wake sali m'gulu limeneli, komabe pa mlandu wa Etridge wa mu 2001 ku England khoti linagamula kuti banki iyenera kusamala pamene mkazi akupereka nyumba ngati chikole cha ngongole ya bizinesi ya mwamuna wake. Mayi amene wauzidwa kuti angosaina msanga apemphe mapepalawo, akawawerenge ndi loya mwamunayo palibe.

Ngati mwasaina kale mopanikizidwa, musazengereze. Mgwirizano wotere sufa wokha. Umagwirabe ntchito mpaka inuyo mutapempha khoti kuti liuthetse. Pa mlandu wa Allcard wa mu 1887 ku England, mayi amene anapereka chuma chake kwa mkulu wa gulu la masisitere analephera kuchitenganso chifukwa anadikira zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi atatuluka m'gululo. Sungani mauthenga a pafoni, mapepala a kuchipatala ndi mayina a anthu amene anaona zochitikazo, kenako pitani kwa loya, kapena ku ofesi ya Legal Aid Bureau mu Lilongwe muno ngati mulibe ndalama. Ikakhala wilu, kadandauleni ku Khoti Lalikulu chuma chisanagawidwe, chifukwa poloti ikagulitsidwa kwa munthu amene sankadziwa za mkanganowo, kuibweza kumavuta zedi.