Makina owotcherera a waya: musawotcherere popanda gasi ndi waya wofuna gasi

Chiyambireni kulandira ndalama za soya ndi mtedza chaka chino, ndakhala ndikupeza makina owotcherera a waya, aja amati MIG, m'makomo momwe kale munkangopezeka nyundo ndi pulayala. Ena agula ku Lilongwe kapena ku Limbe, ena atumiziridwa ndi ana awo a ku Johannesburg. Zimenezi n'zabwino. Munthu wokhala ndi ngolo, wilibala, geti ndi khola lazitsulo, pakhomo pake pali magetsi a ESCOM, akhoza kupindula nawo ngakhale atamawayatsa kawiri kokha pamwezi. Chomwe chikundiwawa n'chakuti pafupifupi pakhomo paliponse pomwe ndafika ndapeza cholakwika chimodzimodzi: m'makinamo muli waya wofiirira ngati kopa, botolo la gasi palibe, koma mwiniwake ali kalikiliki kuwotcherera.

Abale anga, waya wofiirira uja, amene pakatoni pake pamalembedwa ER70S-6, ndi chitsulo chokhachokha. Alibe mankhwala aja amamatidwa kunja kwa marodi a 6013 omwe tonse tinazolowera. Rodi ikamapsa, mankhwalawo amatulutsa utsi umene umaphimba chitsulo chosungunukacho kuti mpweya usachikhudze. Pa waya ameneyu ntchito yophimbayo amagwira ndi gasi wa m'botolo, kaya CO2 yekha kaya wosakaniza ndi gasi wina wotchedwa argon. Gasiyo akasowa, mpweya umalowa m'chitsulo chikadali chamadzimadzi, ndipo chikazizira m'kati mwake mumatsala timabowotimabowo ngati chimanga chofumbwa ndi anankafumbwe. Kunja chimaoneka ngati chagwira. Mukapakapo penti ndiye basi, palibenso angadziwe.

Mwezi wathawu ndinali ku Mchinji kwa bambo ena amene amalima soya ndi chimanga. Chitsulo chogwira ekiselo ya ngolo yawo chinang'aluka, iwo n'kuwotcherera okha ndi makina omwe anali atangogula. Patapita masiku ochepa anapakira matumba a chimanga kuchokera kumunda, ndipo potsetsereka kulowa kudambo chitsulo chija chinathyoka pomwe anawotchererapo. Ngolo inapendekeka, matumba ena anagwera m'madzi, ng'ombe imodzi inavulala mwendo moti mpaka pano sinabwerere pagoli. Chimanga chotsala anatuta ndi ngolo yaganyu.

Atandionetsa chidutswacho ndinachitembenuza, m'kati monse muli mabowo okhaokha. Iwo akuti, "Alangizi, komatu chinagwira. Ndinachimenya ndi nyundo kangapo, osachoka." Ndinawafunsa kuti botolo la gasi lili kuti. Anandiyang'ana modabwa. "Gasi wanji? Wogulitsa uja anangoti ndilumikize kumagetsi, waya azituluka yekha." Kenako anandiuza mawu omwe sindinawaiwale, akuti chomwe chinkawapweteka kwambiri sichinali chimanga, koma kuti amene ankayendetsa ngoloyo tsikulo anali mwana wawo wamng'ono.

Apa ndiye pomwe ndimatopa nanu alimi anzanga. Mukapita kogula feteleza simunyamula thumba lililonse. Mumafunsa ngati ndi wokulitsa kapena wobereketsa, ndipo palibe amene amathira urea pobzala n'kumati feteleza ndi feteleza basi. Nanga bwanji pa waya mukungoti waya ndi waya? Pogula makina maso anu amathamangira pa mtengo ndi pa nambala yaikulu ya mphamvu ya makinawo yolembedwa pakatoni. Kabuku kobwera ndi makinawo kamathera koyatsira moto. Ndikafunsa, yankho ndi lomwe lija lakuti "ife kuwotcherera tinayamba kuonera kalekale." Inde munaonera, koma munkaonera makina a marodi. Awa ndi ena.

Ndiye wina anena kuti chabwino, ndikagula botolo la gasi. Taganizirani kaye. Mufunika botololo, mufunika regulator, kachipangizo kowongolera katulukidwe ka gasi m'botolo, ndi paipi yake, ndipo gasi akatha ndi ulendo wa kutawuni ndi chibotolo cholemera. Zonsezi chifukwa cha wilibala ndi geti? Komanso ambiri a ife sitikhala ndi shedi, timawotcherera pabwalo, pansi pa mtengo wa mango. Miyezi ya June ndi July, pomwe ndalama zili m'thumba ndipo aliyense akukonza zinthu, ndi yomwenso mphepo ya mwera imakuntha. Mphepoyo imauluza gasi uja asanaphimbe chitsulo, ndipo timabowo tija timabweranso ngakhale botolo lili lodzaza. Gasi ndi wabwino kwa amisiri okhala ndi malo otchinga, amene amawotcherera tsiku ndi tsiku ndiponso amagwira malata opyapyala a galimoto. Kwa inu ndi kutaya ndalama.

Waya woyenera ntchito za pakhomo ndi uja wokhala ndi mankhwala m'kati mwake, amene amati flux core wosafuna gasi. Pakatoni pake muone E71T-GS kapena E71T-11. Amafuka utsi wambiri, amathethekanso kwambiri, ndipo amasiya makoko oti mugogode ngati a rodi, koma mphepo samayiopa kwenikweni. Ngakhale pamenepa ena akulakwitsabe. Amasintha waya koma osasintha zingwe. Waya wa gasi amafuna mfuti, chogwirira chija chotulukira waya, ikhale ku + ndipo chopanira pachitsulo chikhale ku −. Waya wamankhwalayu amafuna zosemphana, mfuti ku −, chopanira ku +. Mukaiwala, amangothetheka n'kumasiya timibulu pamwamba osalowerera m'chitsulo, inu n'kumanyoza makina osalakwa.

Pogula tsono, funsani ngati makinawo amalola waya wosafuna gasi, ndipo akuonetseni posinthira zingwezo. Alipo ena otchipa opangidwira waya wamankhwala yekha, amenewo ngokwanira pa ntchito zing'onozing'ono. Waya wa 0.8 mm kapena 0.9 mm, mpukutu wa 1 kg, ndi wokwana, koma tsimikizani kuti amapezeka kufupi ndi kwanu, ndipo mugulirenso timilomo ta kopa ta kunsonga kwa mfuti ta saizi yomweyo chifukwa timatha msanga. Nambala yaikulu ya pakatoni isakunyengeni, onani kachikwangwani ka pamakina pomwe alemba duty cycle. Amawerengera pa mphindi 10, ndiye akalemba 20% ndiye kuti mphindi 2 kuwotcherera, mphindi 8 kupumitsa. Akhale a 230V. Chingwe chowonjezera chikhale chachifupi ndi chonenepa, osati kaja kotchajira foni. Dzimbiri ndi penti muchotse ndi gulayinda musanayambe. Maso muteteze ndi chipewa chowotcherera, osati magalasi a dzuwa, ndipo mapaipi okutidwa ndi zinki, aja amati galvanised, musawotcherere m'nyumba, utsi wake umadwalitsa. Dzinja likafika chotsani waya m'makina, mumumange m'pulasitiki pamalo ouma.

Zitsulo zonenepa zonyamula katundu, monga ekiselo, mpini wokokera ngolo kapena ngolo yokokedwa ndi galimoto, si za timakina totchipati. Pitani nazo kwa mmisiri wodziwa ntchito wokhala ndi makina amphamvu a marodi. Ndipo inu amene mwawotcherera kale ngolo ndi waya wofiirira popanda gasi, musapakirenso katundu. Pomwe munawotchererapo mupere ndi gulayinda mpaka chitsulo choyera chioneke, mmisiri awotcherereponso mwatsopano sabata ino ng'ombe zisanabwerere pagoli.