Kasinthidwe ka mneni wa Chisipanishi ponena "adye", "akwere", "alipire"

Inu amene mumalandira alendo olankhula Chisipanishi ku Senga Bay, musaope zimene mabuku amati presente de subjuntivo, chifukwa m'Chichewa muli kale. Timati "ndikufuna kudya" ngati wodyayo ndine ndemwe, koma "ndikufuna kuti udye" ngati wodyayo ndi wina. Nawonso amatero: quiero comer, quiero que comas. Que ameneyu ndiye "kuti" wathu uja.

Yambani ndi mneni wa nthawi yatsopano monga mumanenera za inu eni: hablo, como, subo. Chotsani o wakumapeto, patsale habl-, com-, sub-. Kenako sinthanitsani malembo. Aneni othera ndi -ar amatenga e, othera ndi -er kapena -ir amatenga a.

Hablar, kulankhula (ine, iwe, iye, ife, inu, iwo): hable, hables, hable, hablemos, habléis, hablen.
Comer, kudya: coma, comas, coma, comamos, comáis, coman.
Subir, kukwera, amatsata comer: suba, subas, mpaka suban.

Pamene ife timaphonyera kwambiri ndi pa aneni a -er ndi -ir. Khutu lathu linazolowera kuti "adye", "akwere", "apite" onse amathera ndi e, ndiye lilime limangothamangira come ndi sube. Komatu come ndi "akudya" chabe; "adye" ndi coma. Apa ndiye pofunika kubwereza mokweza tsiku ndi tsiku, pakuti aneni a -ar savuta, amagwirizana ndi Chichewa.

Polemba, c ndi g zimasintha kamvekedwe zikatsatidwa ndi e. N'chifukwa chake pescar, kuwedza, amakhala pesque, ndipo pagar, kulipira, amakhala pague. Mukaiwala u wa mu pague, mlendo adzawerenga ngati "pahe" ndipo sadzamva kuti mukunena za ndalama. Z nayenso amasanduka c: cruzar, kuwoloka, amakhala cruce. Samalaninso kamzere kapamwamba. Hable ndi "alankhule", pomwe hablé ndi "ndinalankhula".

Ine, iye ndi usted, "inu" wa ulemu, amafanana, onse ndi coma, choncho pakakhala posokoneza onjezani yo, "ine", kapena ella, "iye" wamkazi. Habléis ndi comáis mudzawamva kwa a ku Spain. A ku Mexico kapena Argentina amati ustedes hablen ponena "mulankhule" kwa anthu ambiri.

Phindu lake lalikulu lili pouza munthu wamkulu zochita mwaulemu. Mayi akuyandikira boti lopita ku Lizard Island, nenani suba, señora, "kwerani mayi". Ngati mafunde akula, espere aquí, "dikirani pano". Kwa mwana amene akufuna kukwera yekha, ndi no subas, "usakwere".