Chizungulire cha poimirira chinkachokera ku mankhwala anga

Nditayamba kumwa mankhwala otchedwa amitriptyline chifukwa cha kuwotcha kwa miyendo, ndinkachita chizungulire ndikangodzuka pabedi. M'maso munkada bii, mtima kuthamanga, m'kamwa kuuma gwaa.

Poyamba ndinkaganiza kuti magazi achepa, koma atandiyeza anapeza kuti ali bwino. Ndinawonjezera madzi akumwa. M'kamwa munachitako bwino, koma chizungulire chinalipobe.

Chinandithandiza ndi makina oyezera BP a pamkono ndi kope. Ndinkagona chagada mphindi 5 n'kuyeza, kenako n'kuimirira ndi kuyezanso pakatha mphindi 1 komanso mphindi 3, zonse n'kulemba. Kuyeza munthu atakhala pampando sikuonetsa vutoli, n'chifukwa chake linabisala milungu yonseyo. Nambala ya pamwamba ikatsika ndi 20 kapena kuposerapo munthu ataimirira, ndiye kuti vuto lilipo. Yanga inkatsika chomwecho m'mawa uliwonse.

Adokotala ataona kopelo anandifotokozera kuti m'thupi muli minyewa yogwira ntchito yokha popanda ife kuilamula. Tikaimirira, imatulutsa uthenga wotchedwa noradrenaline kuti mitsempha ya magazi ifinyike, magazi asathawire kumiyendo. Amitriptyline imatseka malo olandirira uthengawo, imatsekanso malo olandirira uthenga wina wotchedwa acetylcholine umene umachititsa kuti malovu atuluke.

Anandichepetsera mlingo n'kundiuza kuti ndizimwa pokagona. Chonde mankhwalawa musawasiye nokha mwadzidzidzi, amafunika kuchepetsa pang'onopang'ono. Tsopano ndikadzuka ndimayamba ndakhala m'mphepete mwa bedi, kugwedeza mapazi, kenako n'kuimirira. Pasanathe milungu iwiri chizungulire chinaleka.